Kukalondola chigafa cha bambo ku Lilongwe

Ndinanyamuka ku Chulu Lachiwiri m'mamawa, nditavala jekete yanga ya kutchalitchi, m'thumba muli kampeni ndi kapepala kolembedwa malo amene ndinkapita. Akazi anga ndi anthu oyandikana nawo nyumba ndinawauza kuti ndikukafuna magalasi a maso, poti zilembo za m'buku la nyimbo zinali zitayamba kundivinira. Linali bodza, ndipo ndi bwino ndivomereretu pano, chifukwa paulendowu ndinanama kangapo. Amene ankadziwa zoona ndi alongo anga aakulu okha, a Nabanda, ndipo ndi iwo anandituma.

Nkhani yake inayamba mwezi wa Ogasiti. Kunabwera mayi wina wa m'tauni, wovala buluku, wometa tsitsi ngati mnyamata, ali ndi kalole kobwereka. Anati dzina lake ndi Lusiya, ntchito yake ndi zaluso, ndipo akufuna kugula chigafa chakale cha malemu bambo athu. Chigafacho chinali chitasiya ntchito kalekale. Udzu unali utayoyoka, mbuzi zinkabisalamo mvula, koma mphanda zake zinali za muwanga, chiswe chinkangozilambalala. Mayiyo anatchula mtengo woti ngakhale chigafa chatsopano sichingafikepo. Ine mumtima ndinati a m'tauni apenga, ndipo ndisanamalize kuganiza ndinali nditalandira kale. Anazula mphanda zonse, natenga mikangala, timitengo tija timayanikapo fodya, natenganso ziguduli zong'ambika, nandisiyira kapepala kaja kuti tsiku lina ndidzakaone.

Alongo anga nthawi imeneyo anali ku Nkhamenya kwa mwana wawo. Atabwerako n'kupeza maenje okhaokha pamene panali chigafa, anakhala pansi pomwepo, dengu lili pamutu. Madzulo ake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza zimene sindinkazidziwa: pa mphanda yapakati, kuseri kwa pamene imagawanika, bambo anabowolapo n'kuikamo kanthu, n'kumata ndi phula. Anati kanthu kameneko ndi kamene kankatsirika munda wathu kuti anthu okawa asamatikokere zokolola m'matsenga. Anandifunsa ngati ndinaonapo munthu wogula mitengo yakale pa ndalama zochuluka chonchija. Galu wamkota sakandira pachabe, iwo anatero, mayi uja ankadziwa chimene ankafuna.

Ndinaseka, poti ndine mkulu wa mpingo ndipo zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuweruza nawo anthu opita kwa asing'anga. Koma mu Okutobala bedi limodzi la nazale linachita chikasu, ndipo kuseka kuja kunachepa. Makuponi atabwera, dzina la pakhomo pathu linatuluka, tinagula matumba awiri a feteleza n'kuwabisa kuchipinda. Apo alongo anga anatemetsa nkhwangwa pamwala. Anati fetelezayo sakhudza dothi, ndipo mbande siziwokeredwa, mpaka kanthu ka bambo katabwerera, apo ayi tidzakhala tikuthirira feteleza munthu wa ku Lilongwe. Munda timalima limodzi, koma mawu omaliza ndi awo. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha kumadzulo, ndipo mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuti ukaphonya mvula yowokerera waphonya chaka.

Matola oyamba anali kagalimoto kapamtunda kodzaza matumba a mtedza. Anati K400 mpaka pa boma. Ndinakhala pamwamba pa thumba, dzanja limodzi litagwira chitsulo, linalo litagwira thumba la jekete. Tisanayende n'komwe, munthu anandigwira phewa. Anali a Jafali, a golosale ya pamsika pathu, akupita ku Lilongwe komweko kukaoda katundu. Anthu onse a ku Chulu, Mulungu n'kundisankhira mnzanga wapaulendo amene amadziwa za pakhomo pa aliyense kuposa mwini khomo.

Anandifunsa kumene ndinkapita, ine n'kutchula za magalasi. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali n'kunena kuti ndi zodabwitsa, chifukwa dzana ndinaona ndili patali kuti sikelo yawo yapendekera. Kenaka anati ndisadandaule, akudziwa munthu wa magalasi pafupi ndi depoti, andiperekeza okha. Ndinathokoza, mumtima ndikulira.

Tinafika pa boma cha m'ma 8 koloko, tonse tafiira fumbi mpaka m'nsidze. Pa malo ogulitsira feteleza mzere unali utazungulira mpanda, amayi atakhala pa zitenje, miyala ndi zigubu zitaikidwa pamzere kuimira eni ake amene anapita kukafuna madzi. Mwamuna wina wovala kapu anandiyandikira n'kundinong'oneza ngati ndili ndi kuponi yogulitsa. Ndinamuuza kuti ndilibe, ndipo ndinasuntha ndalama zanga kuchoka m'jekete kupita m'sokosi iye akuona, zimene ndazindikira tsopano kuti sizinali zanzeru kwenikweni.

Minibasi ya ku Lilongwe inali K900. Oitanira ankalumbira kuti yatsala ndi munthu mmodzi, koma titakwera ife awiri anthu atatu amene anali m'katimo anatsika, kusonyeza kuti anali ongodzaza mipando kuti tikopeke. Tinadikira ola lathunthu. A Jafali anagona tisanadutse pa Chinkhoma, pamene mashedi a okushoni anali zii, opanda lole ngakhale imodzi, poti msika wa fodya unali utatsekedwa. Ine tulo sindinatione. Mayi amene anakhala kumanzere kwanga anali ndi nkhuku m'jumbo, ndipo nthawi iliyonse akaweramira nkhuku yake ine ndinkapanikiza mwendo wa sokosi ija kumpando.

Titawoloka Bua, minda inali yofanana ndi yathu, mizere itaungidwa kale, zigafa zili mbuu kudikira. Ndinkaziwerenga zigafazo mosafuna, ndikudzifunsa kuti ndi zingati zili ndi kanthu pa mphanda. Pa Madisi anyamata anatikankhira nyama yootcha pawindo, ine ndinakana, chifukwa nyama yosaona chikopa chake sindidya. Pa Mponela njala inandigonjetsa, ndinagula tchipisi cha K150 ndi dzira lowiritsa. A Jafali anadzuka ndi fungo la tchipisicho, nadya theka, nandiuza kuti mayi wa lole uja anaima pa golosale pawo tsiku lija n'kufunsa njira ya kwathu potchula dzina la bambo, osati langa. Anandifunsa ngati ndikudziwa kumene mayiyo anawadziwira bambo, poti anamwalira kalekale.

Pa Kanengo fungo la fodya linalowa m'minibasi ngakhale msika unali wotseka, ndipo alimi tonse tinali m'menemo tinadziwana, chifukwa tinatembenukira mbali imodzi. Tinafika mu depoti dzuwa lili paliwombo. A Jafali sanaiwale lonjezo lawo. Anandigwira dzanja mpaka kwa mkulu wina woyala magalasi pa katoni, amene anandiyesa maso pondipatsa nyuzipepala yakale kuti ndiwerenge. Ndinagula a K350 kuti bodza langa likhale ndi mboni. Nditawavala nthaka inapendekeka, ndipo ndinatsala pang'ono kuponda tomato wa eni. A Jafali anakhutira, nalowera ku mashopu a amwenye, ine n'kuponya magalasiwo m'thumba.

Kondakitala wa minibasi ya m'tauni anaona kapepala kanga, nalandira K100, nanditsitsa pa mphambano ina kutsidya kwa mlatho. Kuchoka apo ndinayenda pansi mumsewu wa mitengo ikuluikulu ndi mipanda ya njerwa, kopanda munthu womufunsa njira kupatula agalu. Malowo ndinawapeza. Inali nyumba wamba yopaka laimu, pageti pali mlonda wachikulire, wa yunifolomu yothina. Anati pano pamatchedwa galare, ndiko kuti nyumba yoonetsera zaluso, ndipo kulowa ndi ulere.

Mawu akuti ulere aja sanandisangalatse. Zaka za makuponizi zatiphunzitsa kuti chinthu chikakhala chotchipa kapena chaulere, penapake pali mndandanda wa mayina, ndipo pali wina amene akudyapo. Ndiye taonani, pakhomo penipeni panali buku lalikulu ndi cholembera chomangirira chingwe. Mlonda anati alendo onse amalemba dzina ndi kumene achokera. Kwathu tinamvapo za anthu olembedwa mayina n'kupezeka kuti feteleza wawo analandira ndi ena. Ndinalemba kuti ndine Phiri wa ku Dowa. Mlonda anawerenga n'kunena kuti nayenso ndi wa ku Dowa, ndipo anafunsa mudzi. Ndinatsokomola n'kulowa.

M'katimo munali mozizira ndi moyera kuposa kuchipatala, pansi posalala moti ndinayenda ngati ndaponda pa ndere. Ndinkayembekeza ziboliboli za njovu ndi za amayi osenza mitsuko, zija amagulitsa m'mbali mwa msewu, koma munalibe. Pa khoma loyamba panali chithunzi chachikulu cha mayi wa nkhope yobiriwira, wopanda pakamwa. Kapepala ka m'munsi kanati anajambula ndi munthu wa ku Zambia, ndipo mtengo wake unali wa ng'ombe ziwiri zabwino. Ndinayang'ana kawiri, kachitatu ndinavala magalasi aja, koma mtengo sunatsike. Pakona panali deresi la ukwati losokedwa ndi matumba a feteleza, omwe aja akazi anga amayanikapo ufa. Khoma lina lonse linali makasu akutha, otsala ngati zikhatho za ana, atakhomedwa m'mizere. Amenewo anandiimitsa pang'ono, chifukwa khasu kuti lithe chonchija pamafunika msana wa munthu zaka zingapo.

Anthu anali ochepa. Azungu awiri anaima kutsogolo kwa makasuwo manja ali kumbuyo, ali chete ngati ali pa maliro. Mwamuna wina wa tayi ankafotokozera mnzake m'Chingerezi, akuzunguza dzanja m'mwamba. Palibe amene ankagula kanthu, palibe amene ankaitanira malonda, komabe magetsi ankayaka masana ndipo mlonda ankalipidwa. Ndinadzifunsa kuti ndalama zake zimachokera kuti, ndipo yankho limene ndinadzipatsa linagwirizana ndi la alongo anga.

Chigafa ndinachimva fungo ndisanachione. Chinali m'chipinda cham'kati, chokhachokha, mphanda zitaimikidwa m'zitsulo popeza pansi panali simenti. Ndinazidziwa imodziimodzi, ngakhale ija ndinaitema ndi nkhwangwa ndili mnyamata bambo n'kundikwapula. Mtima unandiwawa, sindibisa. Pakhomo chinali bwinja la mbuzi, koma muno, nyali zikuchiwalira, chinkaoneka ngati munthu wachikulire amene wamusambitsa n'kumukhazika pakati pa alendo.

Pa mikangala panalibe fodya. Panali tizidutswa ta zitenje zakale, mazanamazana, todulidwa kukula kwa tsamba, tosokedwa tiwiritiwiri n'kupachikidwa monga timachitira ndi fodya wobiriwira. Ndinayandikira kuti ndipeze cholakwika, poti munthu wa m'tauni sangadziwe ntchito imeneyi. Sindinachipeze. Kasokedwe kanali kathu, mipata yake yoti mphepo izidutsa inali yoyenera, ndipo mfundo yake inali imene bambo ankaikakamira, yosiyana ndi ya anthu ena onse pamudzi. Pakhoma panali kapepala kakuti chigafa chochokera ku Chulu, basi, popanda dzina la munthu. Pansi anazunguliza chingwe choyera, ndi chikwangwani choti musagwire.

Ndinadikira. Mlonda uja ankazungulira zipinda, ndipo ndinawerengera kuti akadutsa amatenga nthawi yokwana kuimba ndime ziwiri za nyimbo asanabwerenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Azungu aja analowa, nayang'ana, napukusa mitu mwachisoni, natuluka. Mlonda atadutsa kachitatu ndinadumpha chingwe, kampeni kali m'manja, ndinaimirira ndi zala n'kupapasa kuseri kwa mphanda yapakati. Bowo linalipo ndithu, monga ananenera alongo anga. Phula panalibe. Ndinalowetsa chala mpaka pothera, ndipo ndinangotulutsa fumbi.

"Mulibe kanthu m'menemo, a Banda. Ndinachotsa tsiku lomwe lija, lole isanafike pa boma."

Anali Lusiya, ataima pakhomo la chipindacho, manja ali ndi utoto. Ine, mkulu wa mpingo, ndili m'kati mwa chingwe, mpeni m'manja, dzina labodza lili m'buku. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unapambana. Ndinamuuza kuti ndinamugulitsa mitengo, sindinamugulitse za bambo anga, ndipo ngati akufuna kukhwimira ntchito yakeyi akafune kwina, osati pa munda wa anthu osauka. Sanayankhe mokweza. Anauza mlonda, amene anali atafika akuthamanga, kuti ndine mlendo wake, nandipempha kuti tikakhale pakhonde la kuseri.

Anabweretsa tiyi ndi mabanzi awiri. Sindinakhudze. Anazindikira, namwa kapu yanga pang'ono n'kundibwezera, koma ine ndinangoisiya pomwepo. Kenaka anandifunsa ngati ndikuwakumbukira a Fulaye.

Ndinawakumbukira. Masiku amene bambo ankalima fodya wambiri ankasunga matenanti, mabanja atatu ochokera kum'mwera, okhala m'tizisakasa kuseri kwa chigafa. A Fulaye anali a ku Phalombe, munthu wamtali wosayankhulayankhula, ndipo akazi awo, a Esitere, ndi amene ankasoka fodya mofulumira kuposa aliyense. Anali ndi tiana, koma ine panthawiyo ndinali mnyamata wofuna kukwatira, sindinkayang'ana nkhope za ana a matenanti. Lusiya anati mmodzi mwa tianato anali iye, ndipo mfundo ija anaiphunzira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pansi pa mphanda zomwezo.

Anandifotokozera modekha, ngati akunena za anthu ena. Makolo ake anabwera kuti adzalime chaka chimodzi. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa ankamanga katundu, ndipo chaka chilichonse ankamasulanso. Bambo ake anamwalira konko, ndipo ndi pamene amayi ake anakwera lole ya chimanga ndi ana n'kubwerera kwawo. Koma ngakhale ku Phalombe sanakhazikike. Amayiwo ankati chaka choyamba chija anachapa chitenje chawo chatsopano kudambo, n'kuchipeza chitadulidwa pakona bwinobwino ndi lumo, ndipo tenanti wina anawauza kuti abwana amamanga anthu awo m'matsenga poika tinsalu totere m'chigafa kuti asathawe. Zaka zonsezi mayiyo ankati thupi lili kwawo koma iwo anatsala ku Chulu. Lusiya anaphunzira sukulu mothandizidwa ndi masisitere, ndipo anati iye zoterezi sazikhulupirira, koma anatopa kuona amayi ake akukalamba ndi mawu amodzimodzi. Mphanda imene munali kansaluko sankaidziwa, n'chifukwa chake anagula zonse.

Ndinamuuza kuti akunama. Bambo anga anali munthu wodziwika, ankapereka nkhuku kwa matenanti pa Khirisimasi, ndipo kanthu kaja kanali kotsirika munda kwa okawa. Ndinayankhula motalika ndithu, ndipo ndikukumbukira kuti mawu anga ankakwera pamene mtima unkatsika. Lusiya analowa m'nyumba n'kubwera ndi envelopu ya khaki. Anaikhuthulira pa tebulo. Munali timizu touma, ulusi wakuda, ndi tinsalu tiwiri tating'ono ngati bokosi la machesi, kena kofiira ka madontho, kena kobiriwira, tonse tili ndi titsitsi tomatirira ku phula.

"Tinalipo titatu," iye anatero. "Kachitatu kanali ka buluu ka maluwa achikasu. Ndinapita nako ku Phalombe osanena kanthu, ndinangokaika pa mphasa. Amayi anakadziwa asanakagwire."

Ndinafunsa ngati amayi akewo anakatentha. Anati ayi. Anakachapa ndi sopo, nakayanika, nakaika m'sutikesi mwawo, ndipo madzulo ake anauza ana awo kuti tsopano afika kwawo.

Tiyi uja ndinamwa atazizira kale, osadziwa kuti ndikumwa. Funso langa loyamba linali la munthu wodzikonda, ndipo ndikuchita nalo manyazi mpaka lero: ndinafunsa ngati dzina la bambo lilembedwa pakhoma paja, kapena m'nyuzipepala. Anati iye ankafuna kulilemba ndi zilembo zazikulu, koma amayi ake anakana, anati ana a munthuyo akadali moyo ndipo amayenda pakati pa anthu. Kenaka anabwezera zinthu zija mu envelopu n'kundikankhira. Anati tiwiriti si take, eni ake sakuwakumbukira, koma kwathu alipo amene angawadziwe.

Ndisanatuluke ndinabwerera m'chipinda chija, ulendo uno ndili kunja kwa chingwe. Mwamuna wa tayi uja anali m'menemo akufotokozera mnzake, ndipo ngakhale Chingerezi changa ndi cha Sitandade 8 ndinamva kuti akunena za kukongola kwa mitundu ya nsalu. Sindinamutsutse. Pageti ndinapempha buku lija, ndinafufuta Phiri wa ku Dowa n'kulemba dzina langa. Mlonda anati anadziwa kale, chifukwa anthu a ku Dowa satsokomola akafunsidwa kwawo.

Minibasi yobwerera inali K1,000, ati chifukwa ndi madzulo. Sindinakangane nawo, ndipo sindikukumbuka amene anakhala pafupi nane. Ndalama zinali m'jekete, sokosi ndinaiiwala. Pa Mponela kunagwa mvula yowaza, fungo la dothi linalowa pawindo, ndipo alimi anayamba kuimbira mafoni kumudzi kufunsa ngati kwagwanso. Ndinagona pa boma kwa mphwanga, ndipo m'mawa mwake ndinakwera matola omwe aja, tsopano atanyamula feteleza wa anthu amene mzere unawakomera.

Ndinafika ku Chulu cha m'ma 10 koloko. Mvula inali isanagwe, koma kumwamba kunali kutada. Alongo anga ndinawapeza ku nazale akuthirira mbande ndi kheni. Atandiona anaika kheni pansi n'kupukuta manja pa chitenje, osandipatsa n'komwe moni wa ulendo. Ndinawapatsa envelopu, ndikuyembekeza kuti ndiyamba kufotokoza zonse kuchokera pachiyambi. Anatsegula, nayang'ana m'kati, ndipo sanadabwe.

"Ka buluu kali kuti?"

Sindinawauzepo kuti kanalipo ka buluu. Tinayang'anana, ndipo anazindikira zimene anena. Anakhala pa mzere wa nazale, envelopu ili pamiyendo. Anati bambo ankatuma iwo, chifukwa ndi iwo ankachapa limodzi ndi akazi a matenanti kudambo, ndipo lumo linali lawo. Za okawa zija anandinamiza. Chimene chinkawasowetsa tulo chiyambire Ogasiti chinali choti munthu wachilendo atsegula bowo lija n'kuona ntchito ya manja awo, ndipo anadziwa kuti popanda kundiopseza ndi feteleza sindikanapita. Ndinawauza kuti amene anatsegula ndi mwana wa a Esitere. Anafunsa ngati a Esitere ali moyo, ndipo nditavomera anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinakwiya nawo, koma ndinawamveranso chisoni.

Mvula inagwa Lachisanu, ndipo Loweruka tinawokera. Feteleza tinathira pa nthawi yake, palibe amene anatchulanso zoletsa. Ngati mankhwala a bambo ankagwiradi ntchito, ine sindikudziwa, chifukwa munthu wopanda ndalama ya basi safuna mizu kuti akhale pamene ali. Chimene ndinaphunzira ndi chochepa koma chowawa. Ndinayenda ulendo wonse ndikukayikira woitanira, mayi wa nkhuku, mlonda ndi buku lake, osadziwa kuti pa anthu onse amene ndinakumana nawo, wochokera ku nyumba yoyenera kuikayikira ndinali ine.

Kansalu kofiira alongo anga anati ndi ka mayi wina amene anakwatiwanso cha ku Simlemba, ndipo tinakatumiza kudzera kwa mdzukulu wake amene amagulitsa nsomba pamsika. Kobiriwira kanalibe woti n'kumutumizira. Mwini wake anamwalira pobereka chaka chachitatu ali kwathu, ndipo anaikidwa kumapeto kwa manda athu, kumene timaika alendo. Titamaliza kuwokera, alongo anga anasamba, navala chitenje cha chigwirizano cha amayi a mpingo, natenga kansaluko ndi khasu laling'ono kuti apite kumandako. Ndinati ndiwaperekeze, koma anakana, anati podula paja analinso okha.